Patani ya Foni ya Malemu

Foni ya malemu inafika pa benchi la a Mabatani itakulungidwa m'kampango koyera. Anabwera nayo ndi mwana wawo wamkazi, namwino wa pa chipatala cha ana, yemwe anali asanabwerere ku ntchito chiikireni maliro a mayi ake. Anaiika pakati pa mafoni a makasitomala, nakhala pa mpando wa odikira, chikwama chili pamiyendo.

"Ababa, yakana."

"Yakana chiyani?"

"Kutseguka. Batire inathera kuchipatala konkuja. Ndaitchaja, yayaka, koma ikufuna patani."

A Mabatani anapukuta manja pa ovololo yawo, naitenga. Inali foni wamba yopalasa ndi chala, ya mu 2021, yakuda, yokalika pakona imodzi. Anadina kabatani ka m'mbali. Timadontho tisanu ndi tinayi tinaonekera pagalasi m'mizere itatu, ndipo pansi pake panali mawu ang'onoang'ono. Anakankha magalasi awo pamphuno nawerenga kawiri. Foniyo inkachenjeza kuti kwatsala mipata itatu yokha, ndipo ikatha imeneyo idzafufuta zonse zimene zili m'kati mwake.

"Mwayesa kangati?"

"Ine kawiri basi. Amayi aang'ono ndiwo anachita nayo khama. Akuti maganizo a mkulu wawo amawadziwa ngati thumba lawo."

"Ndaona."

"Zithunzi sindikuzifuna, Ababa. Zithunzi tili nazo m'nyumba. Ndikufuna mawu awo."

A Mabatani ankadziwa chimene mwanayo ankanena. Malemu anali telala wa madiresi. Maso atayamba kutopa ndi singano, anasiya kulemba mauthenga. Ankangodina kamaikolofoni n'kulankhula, uthenga n'kupita. Choncho mawu awo anali m'fonimo ambirimbiri, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Foni ya namwino, mmene munali mauthenga a mayi ake a zaka zingapo, inabedwa m'basi mayiwo atagonekedwa kale m'chipatala. Mayi ake aang'ono ankafufuta uthenga uliwonse akangoumva, chifukwa foni yawo inkakhala yodzaza ndi mavidiyo a maukwati a anthu osawadziwa. A Mabatani eni ake ankayenda ndi foni ya mabatani, yoimbira ndi kulandira basi, imene siisunga mawu a munthu, ndipo dzina lawolo linachokera pamenepo. Manambala a makasitomala a malemu nawonso anali m'foni yotsekekayo.

Anayatsa nyale ya pa benchi naipendeketsa foniyo pansi pake. Chala cha munthu chimasiya mafuta, ndipo chala chimene chimayenda njira imodzi tsiku ndi tsiku chimasiya kanjira kooneka, ngati ka nyerere pafumbi. Mafoni ambiri a zidakwa zoiwala mapatani awo anawatsegula mwa njira imeneyi. Anaitembenuzira kumanja, kumanzere, naiuzira mpweya wa pakamwa kuti nthunzi ionetse. Galasi linali mbee.

"Unaipukuta?"

"Ndi sipiriti. Inachokera mu wodi, Ababa. Chilichonse chochokera mu wodi ndimapukuta." Namwino anayang'ana nkhope ya bambo ake. "Ndalakwitsa?"

"Ayi. Majeremusi ndi oopsa."

Anthu ambiri amayambira patani pa kadontho ka pamwamba kumanzere, ndipo ambiri mwa iwo amajambula chilembo choyamba cha dzina la mwana wawo. Zimenezi a Mabatani sanaziwerenge m'buku. Anaziona pa benchi lomweli. Anafunsa zimene zinayesedwa kale, namwino nawajambulira m'malere zimene ankakumbukira. Chilembo choyamba cha dzina lake chinali chitayesedwa chachikulu, koma chaching'ono ayi. A Mabatani anachijambula. Foni inanjenjemera m'manja mwawo, timadontho tinafiira, ndipo mawu a pansi aja anasintha. Kunatsala mipata iwiri.

Anaiika m'thumba la pachifuwa namanga batani.

Shopu yawo inali kachipinda ka pansi pa masitepe a nyumba ya masitolo, kopapatiza moti munthu akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. Anaitsegula mu 1999, atasiya kukonza mawailesi. Pamwamba pa benchi panali mashelefu atatu a mafoni akufa, osiyidwa ndi eni ake, oikidwa motsatira zaka. Makasitomala odikira ankawaloza n'kumaseka, ndipo a Mabatani ankawayankha ndi zaka, osadzutsa mutu pa ntchito. Foni yoyamba ya m'manja inaimba mu 1973, ndipo inkalemera kupitirira kilogalamu imodzi. Zoyamba kugulitsidwa zinatuluka zaka khumi pambuyo pake; unkaitchaja pafupifupi theka la tsiku kuti ulankhule theka la ola. Uthenga woyamba wolemba unatumizidwa mu Disembala 1992. Makamera analowa m'mafoni cha m'ma 2000. Mu 2007 mabatani anayamba kutha, galasi n'kutenga nkhope yonse. Zamakedzana kwambirizo iwo analibe, ankangozidziwa. Shelefu yawo inkayambira pa zamlongoti wosolola, zija abwana ankazipachika pa lamba ngati mfuti.

Mafoni a malemu analipo anayi pa shelefu yapakati. Yoyamba, ya mu 2001, inali yobiriwira nkhope, ndipo batire yake inkakhala sabata yathunthu. Yachiwiri inali ya tochi, imene ankaiika m'kamwa polowetsa ulusi mu singano magetsi akazima. Yachitatu inali yopinda. Yachinayi, ya mu 2014, inali yopalasa yawo yoyamba.

"Kale mukanaitsegula ndi sikuludiraiva imodzi," anatero namwino, akuyang'ana m'mwambamo.

"Kale munalibe kanthu m'katimo. Manambala anali pa simu khadi. Unkaisolola n'kuiika mu ina, nkhani yatha. Kenako kunabwera memori khadi, nayonso unkangoisolola ndi chikhadabo."

"Nanga iyi?"

"Iyi imasunga zonse m'kachipangizo kamodzi komatidwa pa bolodi la m'katimo, ndipo imazisokoneza dala. Chimene chimazilongosola ndi patani. Ndikhoza kukachotsa kachipangizoko ndi moto, n'kukawerenga pa kompyuta. Tipezamo zinyalala zokhazokha."

"Ndiye kuti zaka zonsezi akhala akuzipanga kuti zizikukanizani inuyo."

"Kuti zizikaniza wakuba. Foni siidziwa kusiyanitsa wakuba ndi wamasiye."

Anazinena monga mmene ankanenera mtengo wa batire. Chimwalirireni akazi awo, mawu onse ankatuluka chimodzimodzi. Anthu a m'masitolo oyandikana ankati bambo aja ndi olimba mtima, chifukwa anatsegula shopu sabata yotsatira yomweyo. Iwo ankadziwa kuti si kulimba. Zinali ngati mkono umene munthu waugonera: umauona, umaunyamula ndi unzake, umautsina, koma umangomva kuti pali chinthu. Ankadya chimene chaikidwa patsogolo pawo. Ankasintha masikirini, n'kumawotcherera tinthambo, ndipo manja awo sankalakwitsa chilichonse.

Kunyumba anapeza mlamu wawo, mng'ono wa malemu, atayala kale patebulo. Anali atatsala pang'ono kubwerera kwawo, koma ankati sangasiye nyumba ya mkulu wake m'manja mwa munthu amene sadziwa kumene kumakhala mchere.

"Alamu, mwatsegula?"

"Ayi."

"Ha. Mumatsegula mafoni a zidakwa, a ana a sukulu, a amuna obisira akazi awo, koma ya m'nyumba mwanu momwe yakukhomani. Bweretsani kuno, ndaganiza ina."

"Musaikhudzenso."

"Ili kuti?"

"Kumene simungafike."

"Pamwamba pa kabati? Mpando ndili nawo ine, musaone kufupikaku."

A Mabatani anagwira thumba la pachifuwa. Mlamu anaona, napukusa mutu, nawathirira tiyi.

"Achemwali ankakonda zinthu zowongoka," anapitiriza. "Munthu wa tepi yoyezera. Ine ndikuti ndi mzere umodzi kutsika, wina kudutsa."

"Imeneyo munayesa kale, Amayi aang'ono," anatero namwino. "Kawiri."

"Kachiwiriko chala chinaterereka."

Pakona ya chipinda chochezera panali makina osokera atavundikiridwa ndi nsalu. Pamwamba pake panali diresi labuluu lopanda mkono umodzi, mapini akadali m'khosi mwake. Palibe amene ankadziwa mwini wake, ndipo palibe amene anali atabwera kudzalifunsa. A Mabatani anakhala moyang'anana nalo nadya buledi wawo.

"Koma alamu, zoona simunawafunseko n'kamodzi komwe? Zaka zonsezi kugona chipinda chimodzi?"

"Patani ndimafunsa makasitomala."

"Nanga iwo?"

"Iwo sanali kasitomala."

Mlamu anayang'ana namwino. Anatenga mbale napita nazo kukhitchini, kumene anazitsuka mwaphokoso kuposa mmene zinkafunikira.

M'mawa mwake a Mabatani anachotsa mafoni a makasitomala pa benchi, nayala kansalu, naikapo foni ya malemu chafufumimba. Ankadziwa kuti m'kati mulibe chimene chingawathandize. Komabe manja awo ankafuna chogwira, ndipo anadziuza kuti ndi bwino kuona ngati batire siinatupe. Mafoni akale ankatseguka ndi chala chachikulu. Atsopanowa ndi omata ndi guluu, ndipo umayamba wawafunditsa ndi mpweya wotentha, kenako n'kulowetsa kapulasitiki kopyapyala m'mphepete, pang'onopang'ono, ngati ukutsegula chilonda. Chivundikiro chinanyamuka mosavuta kuposa mmene ankayembekezera. Guluu wake sanali wa ku fakitale.

Anakokera galasi lokulitsa. Pa kachitsulo kopanikiza nthambo ya sikirini panali kadontho kofiira, ka utoto wopaka zikhadabo.

Wokonza mafoni aliyense amene ali ndi nzeru amasiya chizindikiro chake m'kati mwa foni imene wagwira, kuti kasitomala akadzabwera ndi mkwiyo, akuti mwandiwonongera, zidziwike ngati dzanja lomaliza linali lake. A Mabatani ankakanda kamtanda ndi nsonga ya singano. Kadontho kofiirako ankakadziwanso. Mu 2012 anauza wophunzira wawo kuti asankhe chizindikiro, ndipo m'mawa mwake mnyamatayo anabwera ndi kabotolo ka mlongo wake.

Anayang'anitsitsa kadonthoko. Anakumbukira kuti chaka chatha foniyi inagwa pa tebulo la makina, galasi n'kusweka ngati ukonde wa kangaude. Malemu anaibweretsa pa benchi lomweli. Iwo anali ndi mafoni asanu ndi awiri odikira, ndipo anati, ikani apo, ndiiona mawa. Malemu anaitenga madzulo chifukwa makasitomala awo ankaimba. Anakumbutsa kangapo, kenako anasiya kukumbutsa. Tsiku lina galasi linali lathunthu, ndipo iwo sanazindikire tsiku lake.

Anatseka chivundikiro, nachipanikiza ndi tepi, nakhoma shopu.

Wophunzira uja anali atachoka mu 2016 n'kukatsegula shopu yake tsidya lina la msewu, yokhala ndi magetsi amitundumitundu ndi nyimbo pakhomo. Tsopano anali bambo wa ana awiri, wa kamimba, ndipo msewu wonse unkamutcha Galasi chifukwa ankasintha sikirini kasitomala asanamalize kudandaula. Sanakanganepo. Ankangopatsana moni wa mutu akakumana pogula zipangizo, ndipo a Mabatani anali asanapondepo m'shopumo. Ku maliro Galasi anabwera, nakhala kumbuyo, nachoka osadya.

Atawaona akuwoloka msewu, anazimitsa nyimbo.

"Madala. Lowani. Khalani apa."

A Mabatani sanakhale. Anaika foni pa kauntala nachotsa tepi, naonetsa kadontho kofiira.

Galasi anayang'ana, nakanda kumutu. "Anandiletsa kukuuzani, madala. Anati mukamva mudzadwala."

"Sindinabwerere mlandu."

"Ndinakana kulandira kanthu. Iwo anandisokera makatani awa."

"Ndati sindinabwerere mlandu. Yatsekeka. Mwana akufuna mawu a mayi ake, ndipo kwatsala mipata iwiri. Unawafunsa patani?"

"Ndinawafunsa. Si inu munandiphunzitsa? Sikirini yatsopano siituluka osaiyesa."

"Unailemba pa tepi?"

"Ndinalemba, ndinang'amba atatenga foni. Monga mwa lamulo lanu."

A Mabatani anagwedeza mutu. Linali lamulo lawo ndithu: patani ya kasitomala imalembedwa pa kapepala ka tepi kumbuyo kwa foni, ndipo imang'ambidwa mwini wake akuona. Anayamba kumatanso chivundikiro.

"Koma madala, inuyo mukufunsa ine?" anatero Galasi. "Ndi yanu ija."

"Yanga iti? Foni yanga ilibe patani."

"Yoyesera ija. Ija mumaika mukasintha sikirini, yodutsa timadontho tonse kuti muone ngati pali pakufa. Atandijambulira ndinaseka. Ndinati, amayi, iyi mwaba kwa abwana. Iwo akuti, sindinabe, anandipatsa okha."

A Mabatani anamuyang'ana.

"Simukukumbukira? Ine ndinalipo. Foni yawo yopalasa yoyamba ija, ija kasitomala anaisiya. Munaikonza, munaiyesa, munawapatsa, koma munaiwala kuchotsa loko. Anabwerera masana akuti chinthu chanuchi sichikutseguka. Inu munali pa bolodi la munthu wina. Munangotambasula dzanja n'kupalasa, osayang'ana n'komwe. Iwo anaona kamodzi kokha. Anandiuza kuti foni iliyonse imene anagwira kuchokera pamenepo ankaikamo yomweyo."

Sankakumbukira tsikulo. Anafufuza m'mutu ndipo anapezamo mtundu wa foniyo, chaka chake, ndi vuto limene inabwera nalo, koma masanawo munalibe. Patani yoyeserayo ankaijambula pafupifupi tsiku lililonse, pa foni iliyonse yosinthidwa galasi, n'kuichotsa pomwepo. Kwa iwo siinali patani. Inali ngati kugogoda tayala ndi phazi.

"Jambula," anatero, akumukankhira foni.

"Ayi, madala. Ine ndinaisiya kalekale, masiku ano pali pulogalamu yoyesera. Ndikudziwa kuti imazungulira n'kukathera pakati, koma kumene imayambira sindikutsimikiza. Ndikafufutitsa mawu a amayi ndisamuke msewu uno? Dzanja ndi lanu."

A Mabatani anayatsa foniyo. Timadontho tinaonekera. Anaimika chala pamwamba pa galasi, naganiza. Imayambira pansi kumanzere, kukwera, kudutsa pamwamba, kutsika, kenako kulowa. Kapena imayambira pamwamba n'kutsika? Pamene ankaganizira kwambiri, m'pamenenso zonse ziwiri zinkaoneka zoona. Anasankha yokwera. Chala chinayenda mouma ngati cha munthu wophunzira kulemba.

Foni inanjenjemera. Timadontho tinafiira. Kunatsala mpata umodzi.

Galasi anatulutsa mpweya pakamwa. Anatenga foni ya malemu naiika patali, kuseri kwa kauntala.

"Mwaiganizira, madala. N'chifukwa chake. Munkandiuza nokha kuti mutu ukalowerera, dzanja limachita manyazi."

"Sindikukumbukira kuti ndinanenapo zimenezo."

"Munkanena zambiri. Khalani pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ulendo uno anakhala. Galasi analowa kuseri natuluka ndi foni ya kasitomala yosweka nkhope, sikirini yatsopano m'pepala lake, ndi bokosi la zipangizo. Anaziika patsogolo pawo.

"Ndithandizeni iyi. Mwini wake akubwera masana, ine ndili ndi zina zitatu."

"Sindinabwere kudzafuna ganyu."

"Ndikudziwa. Ndiye simulandira kanthu."

A Mabatani anayang'ana sikuludiraiva ya Galasi, naipeza yotha nsonga, natulutsa yawo m'thumba la ovololo. Anafunditsa, anatsegula, anamasula timasikuluwu n'kutindandalika pa maginito monga mmene tinakhalira m'fonimo. Galasi anaima pambali n'kumalankhula. Anadandaula za guluu wa masiku ano amene amauma usanamalize kupaka. Anafotokoza za mafoni opinda galasi amene ayamba kubwera, ati dziko lazungulira labwerera pa yopinda ija, kungoti iyi ikasweka mwini wake amalira ngati wafedwa. Ananena liwulo, nazindikira, nadzimenya pakamwa, napitiriza ndi nkhani ya mwana wake wamkulu amene anameza kasikuluwu. A Mabatani ankayankha ndi m'mphuno. Analumikiza nthambo, anapanikiza, anayatsa. Foni inawala. Galasi, akulankhulabe za kasikuluwu kaja ndi mmene anakadikirira kuti katuluke, anawatsegulira malo oikira loko. Dzanja la a Mabatani linapita lokha. Linajambula kamodzi, foni inati bwerezani, linajambulanso.

"Basi," anatero Galasi mwakachetechete. "Ndaiona. Imayambira pamwamba kumanja. Inu munayambira pansi."

Anali atajambula kavidiyo ndi foni yake, kuti pasakhale kukangana. Anaonera kavidiyoko onse awiri. Chala cha m'kavidiyomo chinayenda mofulumira, mosakayika, ndipo a Mabatani anachiyang'ana ngati cha munthu wina.

"Ndiitane mwana kaye?" anafunsa Galasi.

"Ayi. Ikakana, ndikamuuza ndekha."

Galasi anabweretsa foni ya malemu naiika pomwe panali ya kasitomala, mopendekeka chimodzimodzi. A Mabatani sanayang'ane timadontho. Anayang'ana makatani a pakhomo lolowera kuseri, achikasu, opindidwa kawiri m'munsi ndi mzere wowongoka, ndipo anasiya dzanja lipite.

Foni siinanjenjemere. Pagalasi panaonekera chithunzi cha namwino ali mu yunifolomu yake yoyamba, tizithunzi ta mapulogalamu titamuphimba nkhope.

Choyamba chimene anachita chinali kuchotsa loko. Chachiwiri, anazimitsa lamulo lofufuta lija. Kenako anapempha chingwe nalumikiza foni ku kompyuta ya Galasi, nayamba kukopera zonse. Atatha izi m'pamene anatulutsa foni yawo ya mabatani naimbira mwana wawo.

"Yatseguka. Ndili kwa Galasi, tsidya la msewu."

"Kwa ndani?"

"Wamva."

Namwino anafika ndi mayi ake aang'ono, onse akupuma mwamphamvu. Mlamu analowa akulankhula kale, akufunsa ngati siinali ya mzere wotsika ija, koma ataona foni pa kauntala anangokhala pa mpando. Galasi anatembenuza chikwangwani cha pakhomo kuti shopu ndi yotseka, natuluka kukaima panja.

Mauthenga anali ambiri, ndipo pafupifupi onse anali a ntchito. Namwino anadina wapamwamba.

"Mayi, mwadzuka bwanji? Diresi lanu lija latsala mkono umodzi. Ndikupita kaye kuchipatala, ndikangotuluka ndidzalimaliza. Musadandaule, ukwati si mawa."

Mawuwo anatuluka m'kasipika kang'ono, opyapyala kuposa mmene analili m'nyumba, koma anali omwewo, ndi kakokedwe kawo ka mawu omaliza. Mlamu anaphimba nkhope ndi mpango. Namwino anadina wina, kenako wina. Malemu ankafunsa muyezo wa m'chiuno. Ankakana nsalu yoterera. Ankauza mayi wina kuti zipi imene wagula ndi ya thalauza, ndipo ngati akufuna kuoneka ngati chikwama, iwo aisoka. Kumbuyo kwa mauthenga ena kunkamveka makina akugunda, kwina wailesi, kwina chitseko.

A Mabatani ankayang'ana kamzere kobiriwira ka pa kompyuta kakukwawa kupita kumanja. Ankamva zonse. Ankadikira kuti china chake chichitike m'chifuwa mwawo, monga mmene munthu amadikirira magetsi akazima, osadziwa ngati abwera posachedwa kapena mawa.

Namwino anatsika mpaka pa mauthenga a chaka chatha, nadina umodzi wautali.

"Pepani mayi, ndachedwa kuyankha. Foni yanga yasweka galasi, ndikuchita kupapasa ngati wakhungu, mpaka yandicheka chala. Mukuti ndipite kwa wokonza? Ndimagona naye wokonzayo, mayi. Akuti mawa." Panamveka kuseka, kwakutali, kofika mpaka kutsokomola. "Musawanene, ndi munthu wabwino. Kungoti ukafuna akuone msanga, uyenera kulowera pakhomo la makasitomala."

Mlamu anaseka ali m'mpango momwemo, kuseka kwake n'kusanduka china. Namwino anayang'ana bambo ake.

"Ndiudumphe umenewu, Ababa?"

"Ayi. Ndi wokhawo umene akuseka."

Namwino anaubwereza. A Mabatani anamvetsera mpaka pa kutsokomola paja. Kamzere kobiriwira kanafika kumapeto. Anatsegula chikwatu cha pa kompyuta, nayerekeza kukula kwake ndi kwa cha m'foni, napeza kuti n'zofanana. Anakoperanso zonse pa memori khadi, naikulunga m'kapepala, naipereka kwa namwino.

"Iyi usaiike m'foni. Ukaisunge m'nyumba, pouma. Mawa ndidzakoperanso ina ya amayi ako aang'ono."

"Mawa," anatero mlamu, akupukuta m'maso.

A Mabatani analimva liwulo. Kenako anasuzumira pakhomo naitana Galasi, namufunsa ngati ali ndi memori khadi ina yatsopano. Galasi anati ilipo, nalowa kukaitenga. A Mabatani anakhalanso pa mpando nalumikiza chingwe.